Ndigule saluni yomwe ikugwa uku ndikupitiriza ntchito yanga ya freelance?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina amene wakhala akugwira ntchito ya freelance, yodzigwirira payekha osalembedwa pa kampani iliyonse, kwa zaka 4, amapanga ma logo ndi mapositala pa kompyuta. Akuti saluni yomwe amakonzetsako tsitsi ikugulitsidwa, mwini wake akuti watopa nayo, ili ndi mipando 4 ndi antchito 3 koma makasitomala achepa kwambiri. Mayi wofunsawa saluka tsitsi, ndalama yogulira ali nayo yomwe akhala akusunga, ndipo ntchito yawo ya pa kompyuta sakufuna kuisiya. Akufunsa ngati nzotheka kuyendetsa ziwirizi, nanga ayambire pati.

Achemwali, choyamba zikomo kuti mwafunsa ndalama idakali m'manja mwanu, ambiri amandipeza atasaina kale nde timangokambirana zopulumutsa zotsala. Nzotheka ndithu, ineyo ndinagulapo saluni yotere uku ndikugwirabe ntchito yanga yosungira anthu mabuku a ndalama, ndipo inadzuka. Koma sindikubisirani, miyezi 6 yoyamba inandidya, ndipo chomwe inadya kwambiri ndi nthawi kuposa ndalama. Inu mukuona ngati mugula ndi zomwe mwasungazo, koma gawo lalikulu la mtengo wake mudzalipira ndi maola anu, maola omwewo amene panopa mumagulitsa kwa makasitomala anu a ma logo. Zonse zomwe ndinene apa muzimva muli ndi mfundo imeneyi m'mutu.

Tiyambe ndi funso lomwe simunafunse, saluniyo ikudwala chani? Mawu oti ndatopa nayo pafupifupi wogulitsa aliyense amanena, ndipo mwina watopadi, koma bizinesi yomwe ikubweretsa ndalama munthu sakonda kuigulitsa, amangolemba manijala iye nkukapuma. Matenda a saluni alipo ochizika ndi ena osachizika. Ochizika ndi monga mwini wake sakhalapo, ndalama zikuthera m'matumba mwa anthu, matawulo akununkha, kasitomala wabwera 9 koloko akumugwira 11, mitengo inaikidwa zaka zitatu zapitazo pomwe mankhwala akwera kangapo konse. Amenewa munthu wakhama amawakonza. Osachizika ndi a malo, lendi yokwera moti olo mipando 4 itadzaza tsiku lonse siingakwanitse, anthu anasintha njira sadutsanso pamenepo, nyumba ilibe madzi odalirika, kapena mwini nyumba ali ndi maganizo oigulitsa. Amenewa olo mutakhala ndi mtima wabwino bwanji simungawachize, mungothiramo ndalama ngati madzi mumchenga.

Inu mumapitako ngati kasitomala, ndipo kasitomala amaona zochepa, amakhala pampando maso ali pa galasi kapena pa foni. Paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, nde uyenera kung'ambidwa musanagule. Pemphani mwini wake kuti mukhalepo tsiku lonse kuyambira potsegula mpaka potseka, osati Loweruka lokha pomwe saluni iliyonse imaoneka yamoyo, koma Lachiwiri ndi Lachitatu, masabata awiri otsatizana. Khalani pakona ndi kope lanu muzilemba, walowa nthawi yanji, wapangitsa chani, wamugwira ndani, watuluka nthawi yanji, walipira kwa ndani ndipo ndalamayo yalowa kuti. Tcherani khutu pakhomo. Munthu akasuzumira nkufunsa dzina la wantchito mmodzi, nkumva kuti lero kulibe iye nkubwerera, ikani chizindikiro, ameneyo ndi kasitomala wa munthuyo osati wa saluni. Lowaninso kuseri. Nunkhizani matawulo, yang'anani zipeso ngati zili ndi tsitsi la dzulo, tsegulani mpopi wa pa sinki yotsukira mutu muone ngati madzi otentha akubwera, yatsani madraya onse nthawi imodzi muone ngati magetsi sakuthima. Tembenuzani mabotolo, ambiri ali ndi kachithunzi ka chitini chotsegula kolembedwa 6M kapena 12M, kutanthauza miyezi yomwe mankhwalawo amakhala abwino akatsegulidwa, nde shelefu yodzaza ndi mabotolo otsegulidwa kalekale asakuwerengereni pa mtengo, ndi zokataya zimenezo.

Mukatero muwerenge chonchi. Antchito 3, maola 8 patsiku, masiku 6 pa sabata, ndi maola 144 omwe saluniyo ingagulitse pa sabata. Tiyerekeze mwapeza kuti manja awo anali pamutu pa munthu maola 50 okha, ndekuti ikugwira pafupifupi 35 pa 100 ya mphamvu zake, nthawi inayo anthu akungocheza koma lendi ikuwerengabe. Nambala imeneyi payokha isakuopseni, maola opanda munthuwo ndi omwe mukugula kuti muwadzaze. Chofunika nkudziwa kuti pakufunika kudzaza angati. Tengani 100 iliyonse yolowa, mwachitsanzo 40 ikupita kwa woluka ngati komishoni, 15 ndi mankhwala ndi zina zothera pamutu, yatsala 45. Pa 45 imeneyo mpomwe pachoke lendi, magetsi, madzi, laisensi ndi malipiro a wokhala pa kauntala. Ndekuti saluni iyenera kupanga ndalama yoposa kawiri ya zinthu zokhazikikazo kuti ingofika poti siikuluza, phindu lisanayambe nkomwe. Manambala anu adzasiyana ndi angawa, muwerenge ndi enieni a pamenepo. Mukapeza kuti pofika pamenepo antchito ayenera kukhala otanganidwa maola 130 mwa 144 aja, isiyeni, ine sindinaonepo saluni yodzaza choncho sabata ndi sabata.

Za mabuku mudzapatsidwa kope lolembedwa pamanja, mwina masamba ena othothoka, masiku ena osalembedwa. Musalikane koma musalikhulupirire lokha. Pemphani masitetimenti a ku banki kapena a ndalama za pa foni a miyezi 12, chaka chathunthu chifukwa saluni ili ndi nyengo zake, mwezi wa zikondwerero ndi maukwati sufanana ndi wotsatira wake. Pemphaninso malisiti a komwe amagula mankhwala ndi mabilu a magetsi. Zonsezi ziyenera kunena nkhani imodzi. Draya yapamanja imodzi imakoka mawati 1,500 mpaka 2,000, nde saluni yomwe akuti imadzaza koma bilu yake ili ngati ya chipinda chogona munthu mmodzi, pali china chomwe sichikugwirizana. Mabotolo a shampu nawonso sanama, mitu yambiri imatha shampu wambiri. Wogulitsa akakana kukuonetsani zimenezi, mtengo ukhale wa mipando, magalasi ndi madraya akale basi monga mmene mungagulire katundu wogwiritsidwa kale ntchito, pa dzina musalipire kalikonse.

Tsopano pomwe pagona nkhani. Mipando ndi magalasi mukhoza kugula kulikonse. Chomwe chimapangitsa saluni yakale kudula kuposa chipinda chopanda kanthu ndi anthu omwe amabwererako, ndipo anthuwo chomwe amatsatira ndi manja. Mzimayi akapeza munthu amene amamuluka osamukoka m'mphepete, amene amadziwa kuti khungu la m'mutu mwake silipirira mankhwala, amamutsata kulikonse komwe angapite. Inunso tadzifunsani, amene amakugwirani tsitsiyo atachoka mawa, mungatsale chifukwa cha mpando kapena mungamulondole?

Ine apa mpomwe ndinapwetekera. Saluni yomwe ndinagula inali ndi mayi mmodzi woluka amene pafupifupi theka la ndalama zonse linkadutsa m'manja mwake. Ndinaziona m'kope koma sindinakhale naye pansi, ndinkangoti antchito ndawapeza pompo nde akhala pompo. Mwezi wachiwiri anandiuza mwaulemu kuti akupita, ndipo sindimuimba mlandu, mwini wake wakale anali asanamulipire miyezi itatu, kenako ine ndabwera osamufunsa kalikonse nkuyamba kusuntha mashelefu. Ndimakumbukabe Loweruka lotsatira, mpando wake wapafupi ndi windo uli wokhawokha, kachikwama ka zipeso zake komwe kankakhala pa msomali kulibe, azimayi akufika pakhomo nkufunsa, nkubwerera mwakachetechete mmodzimmodzi. Zinanditengera miyezi yambiri kudzaza mpando umenewo. Nde inu, musanamalize zogulazo, mwini wake akuloleni kulankhula ndi wantchito aliyense payekha. Afunseni amalipidwa bwanji, analandira liti komaliza, chimawavuta nchani, akanakhala eni ake akanasintha chani. Adzakuuzani matenda a saluniyo bwino kuposa kope lililonse, komanso mudzamva m'mayankhidwe awo kuti ndani ali kale mwendo umodzi kunja.

Pogula, gulani katundu ndi dzina, osati kampani yonse ndi mbiri yake. Kusiyana kwake nkwakuti mukagula kampani yolembetsedwa mumasenzanso ngongole zake, za msonkho, za ogulitsa mankhwala, olo zomwe simunauzidwe, pomwe mukagula katundu wotchulidwa chimodzichimodzi pa pepala ngongole zambiri zimatsala ndi mwini wake. Koma pa za antchito musamale, m'maiko ambiri lamulo limati bizinesi ikasintha mwini antchito amapitirira ndi zaka zawo komanso zomwe ayenera kulandira, nde apa lipirani loya wa komwe muliko akuonereni, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi mlandu. Kenako landilodi. Malowo si a amene akukugulitsaniyo, nde kakumaneni ndi mwini nyumba maso ndi maso, mumve ngati pali lendi yotsalira, ngati akuvomera kuti mulowe, ndipo mupeze mgwirizano wolemba m'dzina lanu wa zaka 2 kapena 3 wonena kuti lendi izikwera liti komanso motani. Popanda pepala limeneli mukhoza kukhetsa thukuta kudzutsa saluni, iye nkuona kuti payamba kudzaza, nkukweza lendi kapena kukutulutsani kuti alowetse wake.

Pali tinthu tomwe anthu amaiwala, nambala ya foni ya saluni, WhatsApp yake, tsamba la Facebook ndi Instagram, komanso pomwe saluniyo imaonekera pa Google Maps. Nambala ija ndi yomwe ili m'mafoni mwa makasitomala, ikatsala ndi mwini wakale ndekuti mwagula chigoba. Mulembenso kuti sadzatsegula saluni ina pafupi kwa nthawi yomwe mugwirizane. Ndipo musalipire zonse tsiku limodzi, mwachitsanzo 60 pa 100 posaina, zotsalazo pang'onopang'ono kwa miyezi 6 mpaka 12, mutalemba kuti ngongole yobisika ikatulukira mudzadula pomwepo. Wogulitsa wonena zoona savutika nazo kwenikweni, komanso zimamupatsa chifukwa chokuthandizani kuti makasitomala akuzolowereni. Akalola, njira yabwino koposa ndi yoti muiyendetse kaye miyezi 2 kapena 3 mongoyesa, mtengo mutagwirizana kale pa pepala, mudzaona nokha ndalama zenizeni komanso ngati thupi lanu likukwanitsa ntchito ziwiri.

Tibwere ku freelance yanu, yomwe ine ndikuidera nkhawa kuposa saluniyo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mmene zimayambira ndi pang'onopang'ono. Saluni yaperewera ya lendi, inu mwangolandira kumene ya logo, mukuti ndingothandizira mwezi uno wokha. Mwezi wamawa draya yapsa. Winawo wantchito wadwala. Pakutha pa chaka saluni ikuoneka ngati ikuyenda pomwe ikungoyamwa ntchito inayo, ndipo simungazindikire chifukwa thumba ndi limodzi. Tsegulani akaunti ya saluni payokha tsiku loyamba lomwelo. Ndalama iliyonse yochoka kwa inu kupita kumeneko ilembedwe ngati ngongole yomwe saluni idzabweze. Olo inuyo mukakonzetsa tsitsi lipirani, antchito akuona. Musathere zonse zomwe mwasunga pogula, patsale ya lendi ndi malipiro a antchito ya miyezi 3 mpaka 6, komanso padera yanu ya kunyumba, poti ndalama za freelance mukuzidziwa nokha, mwezi wina zimabwera zambiri mwezi wina kasitomala amangoti tikulipirani sabata yamawa. Ngati mtengo wogulira ukumeza zonse, ndekuti saluni imeneyi simunafike poigula, nenererani kapena dikirani ina. Ndipo panopa mtima udakali m'malo, lembani pa pepala malire awiri, ndalama yomaliza yomwe mungathiremo, ndi mwezi womwe mudzati ngati siinayambe kudzilipirira yokha ndikuigulitsa. Mukadzalowamo mudzakhala mutaikonda, mutawadziwa antchito ndi ana awo, ndipo kuganiza bwino nthawi imeneyo kumavuta kwambiri.

Pa za nthawi, iwalani zoti muzikhala pa kauntala ndi laputopu mukupanga ma logo uku mukuyang'anira. Ndinayesa ine. Draya ikulira, wina akufuna chenji, wina akudandaula kuti wadikira, foni ikuitana, ntchito ya maola 2 imatha tsiku lonse ndipo imatuluka yosalongosoka. Ntchito yanu imafuna bata, saluni imafuna maso ndi makutu anu onse. Gawani nthawi, mwachitsanzo m'mawa mpaka masana ndi kompyuta foni ya saluni ili kutali, madzulo mukatseke nawo, Lachisanu ndi Loweruka mukhale komweko tsiku lonse. Miyezi 3 yoyamba chepetsani dala ntchito za freelance, sungani makasitomala anu akuluakulu awiri atatu omwe amalipira bwino, ang'onoang'ono muwauze zoona kuti panopa mwadzaza. Kuchedwetsa ntchito ya kasitomala wamkulu kamodzi kokha chifukwa mumathamangitsana ndi pulambala kukhoza kukuluzitsani ndalama yoposa phindu la saluni la miyezi ingapo, ndipo pa freelance mbiri yochedwetsa ntchito imayenda msanga. Muwerengenso kuti ola lanu limodzi pa kompyuta limabweretsa zingati, nde ntchito iliyonse ya ku saluni yomwe wina angaigwire motchipa kuposa pamenepo, kaya kukagula mankhwala kaya kuchapa matawulo, mpatseni wina.

Poti inu simuluka komanso simuzikhalapo nthawi zonse, pakufunika munthu mmodzi amene mawu ake ndi omaliza inu kulibe. Nthawi zambiri ndi bwino akhale mmodzi mwa omwe alipo kale amene anzake amamumvera, osati m'bale wanu wobwera naye kuti azikulonderani ndalama, ameneyo antchito amamuona ngati kazitape ndipo tsiku lomwe mudzafune kumuchotsa nkhani idzafika kubanja. Mpatseni kenakake pa phindu la mwezi kuti saluni ikadzaza nayenso azimva m'thumba. Za kuba ndinene mosapsatira, ndalama zimasowadi m'masaluni, koma kawirikawiri zimayambira pomwe malipiro akuchedwa ndipo palibe amene akuwerenga. Lipirani pa tsiku lake osaphonya, mitengo ilembedwe pakhoma, kasitomala aliyense alembedwe ndipo alandire lisiti, olipira pa foni alipire ku nambala ya saluni, madzulo aliwonse akutumizireni chithunzi cha tsamba la tsikulo, ndipo kamodzi pa sabata muwerenge mabotolo. Kalipiridwe kalipo katatu kodziwika, malipiro okhazikika, komishoni, kapena kubwereketsa mpando woluka nkumalipira lendi ya mpandowo makasitomala ali ake. Kachitatuka nkopepuka kwa munthu wotanganidwa ngati inu chifukwa ndalama yake ndi yodziwikiratu, koma dziwani kuti pamenepo mwasanduka landilodi, simungamuuze nthawi yofika kapena mtengo wolipiritsa. Ngati cholinga nkudzutsa dzina la saluni, ine ndimakonda malipiro ochepa okhazikika kuphatikiza komishoni, munthu amagona mtima uli pansi komanso amalimbikira.

Nde kudzutsa kwenikweniko. Ndikudziwa chomwe manja anu akuyabwa kuchita poti ndinu wa ma logo, dzina latsopano, chikwangwani chatsopano, penti, tsamba lokongola la Instagram. Dikirani kaye achemwali. Mukaitana anthu ambiri pamalo pomwe matawulo akununkha chinyontho, mwangofulumizitsa mbiri yoipa. Mwezi woyamba konzani zomwe kasitomala amamva pathupi pake. Tawulo loyera louma kwa munthu aliyense. Zipeso, mabulashi ndi sizasi zitsukidwe nkuviikidwa m'mankhwala opha tizilombo musanagwire mutu wina, chifukwa chipere chimayenda pa chipeso, ndipo lezala ikhale yatsopano kwa aliyense poti matenda a chiwindi a hepatitis B amatha kudutsa pa kachitsulo kokhala ndi magazi olo osaoneka ndi maso. Nthawi isungidwe, wauzidwa 10 koloko agwiridwe 10 koloko, ndipo ngati pachedwa auzidwe asananyamuke kwawo. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri koma ndi zomwe zinathamangitsa anthu.

Olo simugwira mutu wa munthu, wina akapsa dzina lotchulidwa lidzakhala lanu, nde phunzirani zoyambira. Mankhwala owongola tsitsi ambiri ali ndi sodium hydroxide kapena ena amphamvu ngati ameneyo, akakhalitsa amawotcha khungu nkudula tsitsi, nthawi yolembedwa pa chitini iyenera kutsatidwa ndi wotchi, ndipo pobwereza amapaka pa tsitsi lomera kumene lokha. Dayi wambiri makamaka wakuda ali ndi mankhwala otchedwa PPD omwe anthu ena amawatupitsa nkhope ndi m'mutu, nchifukwa chake opanga amalemba kuti muyese kadontho pakhungu maola 48 musanapake mutu wonse. Kuluka kokoka kwambiri, makamaka m'mphepete mwa chipumi, kumathothola tsitsi, ndipo kukapitirira zaka silimeranso. Ndimafuna wantchito amene angauze kasitomala kuti lero ayi, tsitsi lanu lipume kaye, ndipo inu monga mwini wake mumuikire kumbuyo akatero. Ya tsikulo mwataya inde, koma munthuyo amabweranso, nthawi zambiri ali ndi mnzake.

Ndalama yofulumira ili mwa makasitomala akale. M'kope lija ndi mu foni ija muli maina a anthu omwe anasiya kubwera. Alembereni mmodzimmodzi, osati uthenga umodzi womwaza kwa onse, afunseni chomwe chinawachotsa ndipo mumvetsere osadziikira kumbuyo, ena adzakuuzani zowawa koma ndi zomwe mukufuna kumva. Kenako antchito azolowere chinthu chimodzi ichi, kasitomala asanadzuke pampando apangane tsiku lobweranso. Ntchito ya saluni imadzibwereza yokha, tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, zikhadabo za gel zimafuna kukonzanso pakatha masabata 2 kapena 3, zoluka zambiri siziyenera kupitirira masabata 6 mpaka 8. Taonani, munthu wobwera masabata 6 aliwonse amafika ka 8 kapena ka 9 pachaka, yemweyo akamabwera masabata 10 aliwonse ndi ka 5 kokha. Simunapeze kasitomala watsopano olo mmodzi koma ndalama zasiyana kutali, kungoti wina anapangana tsiku ndipo anakumbutsidwa dzulo lake pa WhatsApp.

Mitengo musathamangire kutsitsa. Bwererani ku chitsanzo chija, mukadula 20 pa 100 mwalandira 80, komishoni yatenga 32, mankhwala akadali 15 chifukwa mutu ukudya omwewo, mwatsala ndi 33 m'malo mwa 45. Kuti mupeze ndalama yomwe ija, pa mitu itatu iliyonse mukufunika wina wachinayi ndipo mudzaperewerabe pang'ono, antchito atopa pachabe. Ngati mukufuna kukopa anthu tsitsani nthawi zakufa zokha, monga Lachiwiri m'mawa pomwe mipando ikanakhala yopanda munthu. Muziwerenganso ntchito iliyonse pa ola osati pa mutu, kuluka kwa maola 6 komwe kumaoneka kwa ndalama zambiri nthawi zina kumabweretsa zochepa pa ola kuposa kutsuka ndi kuumitsa kwa mphindi 45. Ndaonapo masaluni odzaza mpaka usiku koma akuluza chifukwa cha zimenezi. Kukweza mtengo kubwere mutakonza kale kagwiridwe ka ntchito, pang'onopang'ono, anthu mutawadziwitsa pasadakhale.

Zimenezi zikakhazikika, mwina mwezi wachitatu kapena wachinayi, apo nde tulutsani luso lanu lija, ndipo apa muli ndi mwayi womwe eni masaluni ambiri alibe. Jambulani ntchito yeniyeni ya antchito anu pa kuwala kwa pa windo, mutapempha mwini mutu, osati zithunzi zotola pa intaneti zomwe kasitomala adzabwere nazo nkukhumudwa. Tchulani dzina la amene waluka, zimamunyaditsa ndipo amaona kuti pamenepa ndi pake. Maola otsegulira ndi nambala pa Google Maps zikhale zolondola. Dzina lakale la saluni, ngati silinaipe, lisungeni, ndi lomwe anthu amalondolerana nalo njira.

Sabata ino musapereke olo dipoziti. Pemphani masitetimenti aja, kaonaneni ndi landilodi, mukhale pakona paja masiku anu ndi kope. Mukamaliza nditumizireni maola omwe manja anali pamutu, ndalama za zinthu zokhazikika pamwezi, ndi gawo lomwe likudutsa mwa woluka wamkuluyo, tidzawerengere limodzi ngati mtengo womwe akutchulawo uli woyenera.